Kodi Nyambo Ikalemera, Mabuleki Timange Kapena Timasule?

Kuwedza kumene ambirife tikukudziwa ndi kwa mbedza, chingwe, ndodo ndi nyongolotsi. Kunyanja ena amakoloweka usipa n'kudikira kampango. Palibe amene amafuna buku kuti amvetse zimenezi. Koma ku America, ku Japan, ngakhalenso m'madamu a ku South Africa ndi ku Zimbabwe, kuli anthu owedza ndi nsomba yabodza, yamtengo kapena yapulasitiki, yolemera magalamu 60, 100, ina mpaka 200. Kumpoto kwa America, osaka nsomba yotchedwa muskie amaponya nyambo yoyandikira theka la kilogalamu. Kuti ifike patali, amamangirira pandodo chipangizo chokulungira chingwe chimene amachitcha baitcasting reel. Inu mudauzidwapo m'mene chimayendera? Ine ndakhala ndikufunsa, ndipo yankho lililonse likumabwera litabereka funso lina kumsana. Loyamba ndi ili: ngati nyambo payokha ikulemera chonchi, nsomba imene akuidikirayo ndi yaikulu bwanji?

Akuti ndi yaikulu ndithu. Nsomba imene Aamerika amaikonda kwambiri ndi bass yakukamwa kwakukulu. Mu 1932 mlimi wina wachinyamata, George Perry, adakola ya makilogalamu 10 ndi pang'ono pa Montgomery Lake m'chigawo cha Georgia, ndipo adakaidya ndi abale ake kunyumba. Padapita zaka 77 popanda wovomerezeka kuti wamufika, mpaka mu 2009 pamene Manabu Kurita adakola yolingana nayo panyanja ya Biwa ku Japan. Nyambo zikuluzikulu zotengera nsomba yosambira zidatchuka ku California, kumene boma limathira nsomba za trout m'madamu, ma bass n'kumanenepa nazo. Asodzi adaona kuti nsomba yozolowera kumeza trout siingatembenuke chifukwa cha kanyambo kakang'ono. Mpaka apa ndikumva. Koma Kurita uja yake adaikola ndi kansomba kamoyo, osati kapulasitiki. Nanga amene amatiuza kuti nsomba yaikulu imafuna nyambo yabodza yaikulu, za iyeyu amati chiyani?

Tiyeni tichione chipangizocho. Reel imeneyi imakhala pamwamba pa ndodo, ndipo m'kati mwake muli gudumu lokulungapo chingwe. Ukadina batani la pansi pa chala chamanthu gudumulo limamasuka. Ukaponya, nyambo imakoka chingwe, chingwe n'kuzunguza gudumu. Pali mtundu wina wa reel, wolendewera kunsi kwa ndodo, umene gudumu lake silizungulira poponya, chingwe chimangosololoka chokha. Odziwa amati pa nyambo yolemera yapamwambayi ndiyo yabwino, chifukwa chingwe chimalowa ndi kutuluka molunjika, sichipotana, chonenepa chimakhalapo bwino, ndipo mphamvu yokokera imakhala yambiri. Chabwino. Koma gudumu lozungulira lili ndi vuto lake. Amene adayendetsapo ngolo pamtsetse akudziwa zimene zimachitika ng'ombe zikachepetsa liwiro ngolo isanachepetse: imazigunda kumbuyo. Nyambo ikakwera m'malere mphepo imayamba kuibweza, koma gudumu silidziwa, limangothamangabe n'kumalavula chingwe chimene palibe akuchikoka. Chingwecho chimafufuma, kupiringizana, n'kumanga mfundo pompo. Munthu amakhala pansi kumasula, anzake akuwedza. Kodi chinthu chodziwika kuti chimachita zimenezi chakhala bwanji pamsika zaka 200?

Ndipo adachipanga ndani? George Snyder, amene amatchulidwa kuti ndiye adapanga yoyamba ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ntchito yake idali ya mawotchi, m'tauni ya Paris ku Kentucky. Kampani ya ABU ku Svängsta m'dziko la Sweden idayamba mu 1921 ndi mawotchi a m'thumba, kenako mamita a matakisi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itaimitsa matakisi m'pamene idatembenukira ku usodzi, ndipo mu 1952 idatulutsa Ambassadeur, yokhala ndi mabuleki m'kati. Shimano nayo idayamba mu 1921 mumzinda wa Sakai ku Japan ikupanga zitsulo za njinga, za usodzi idalowa mu 1970. Awa ndi anthu ozolowera kuyeza tinthu tosaoneka ndi maso, anthu amene sekondi imodzi ikasowa amadziwa. Ndiye bwanji manambala a pamabokosi awo sagwirizana?

Onani nokha. Wina walemba 200, wina 300, wina 400, ABU yalemba 5500 ndi 6500. Kodi 300 chiyani? Mamita? Magalamu? Si mamita, si magalamu. Ndi nambala yongosonyeza kuti iyi ndi yaikulu kuposa inzake ya kampani yomweyo, ndipo 300 ya uyu siikakamizidwa kufanana ndi 300 ya uyo. Chimene ndatolapo n'chakuti pa nyambo ya magalamu 30 mpaka 60 ambiri amakhutira ndi 200, ikapitirira apo amasamukira pa 300, ndipo zolemera zenizeni amaziponya ndi 400. Chifukwa chake n'chomveka. Nyambo yolemera imafuna chingwe chonenepa, chingwe chonenepa chimadya malo, ndipo ukaponya patali ndi gudumu laling'ono umatsala pang'ono kuona chitsulo. Kulemera kwa nyambo nako amalemba m'maaunsi pamene ife sikelo zathu n'za magalamu; aunsi imodzi ndi magalamu 28 ndi pang'ono. Pandodo amalemba poyera kuti imanyamula nyambo yoyambira pakuti kulekeza pakuti. Pa reel ambiri salemba. N'chifukwa chiyani chinthu chimene wogula akufunitsitsa kudziwa ndicho chikusowa pabokosi?

Chimene amalemba ndi zilembo zikuluzikulu ndi magiya: 5.1:1, 6.3:1, 7.1:1, 8.1:1. Ukapukusa chogwirira kamodzi, gudumu limazungulira kokwana nambala yoyambayo. Nambala ikakula chingwe chimabwera msanga. Ikachepa chimabwera pang'onopang'ono koma mkono sutopa. Pa nyambo yolimbana ndi madzi, monga ija ya mlomo wautali yomira pansi, akale amati tenga ya 5. Ena lero akuti tenga ya 7, ukafuna kuchedwa uzingopukusa mofatsa, poti yochedwa sungaifulumizitse nsomba ikamathamangira kubwato. Onsewa ndi akatswiri, onsewa ali ndi zithunzi atanyamula nsomba. Timvere uti? Kuwonjeza apo, gudumu lalikulu limakulunga chingwe chambiri likazungulira kamodzi, kotero 400 ya giya lotsika ikhoza kubweza chingwe chofanana ndi 200 ya giya lokwera. Ngakhale reel yomweyomweyo, ukaponya patali gudumu n'kuphwa, poyamba imabweza chingwe chochepa kusiyana ndi pamene nyambo yayandikira. Ndiye nambala ya pabokosi ija ikunena za liwiro la nthawi iti?

Za mabeyaringi sindichedwapo. Wina amanyadira 5, wina 10, wina 12, koma onyamula gudumu poponya ndi awiri kapena atatu. Ena ali m'chogwirira, kumene sathandiza nyambo kupita patali ngakhale phazi limodzi. Amene amamasula ndi kukonza zipangizozi amati yang'ana thupi lake, likhale la aluminiyamu kuti lisapindike ukamakoka cholemera, chifukwa likapindika mano a magiya amasemphana n'kumadyana. Amatamanso giya lalikulu lamkuwa. Ngati zofunika ndi thupi ndi mano, bwanji wogulitsa amayamba n'kutiwerengera mabeyaringi?

Tinene kuti tagula. Pambali pa chogwirira pali kachitsekerero kopotokola, kamene kamafinya nsonga za chitsulo chimene gudumu limazungulirapo. Lamulo lakale, limene ambiri amaphunzitsabe, ndi ili: mangirira nyambo, tukula ndodo, dina batani, ndipo potokola kachitsekereroko mpaka nyambo izitsika pang'onopang'ono, ikagunda pansi gudumu liime lokha. Ndi nyambo ya magalamu 10 kapena 15 zimatheka bwinobwino. Tayesani ndi ya magalamu 150. Kuti imeneyo itsike mwaulemu muyenera kumanga mpaka kachitsekereroko kalimbe gwa, ndipo pamenepo mukupera tizitsulo tam'kati nthawi iliyonse mukaponya, nyambo nayo siifika patali. Ndiye pali lamulo latsopano: manga pang'ono chabe, mpaka gudumu lileke kugwedera uku ndi uku ukalikankha ndi chala, kenako usakakhudzenso, zotsalazo ndi ntchito ya mabuleki. Kampani ya Daiwa idafika popanga ma reel amene kachitsekereroko amakamangiratu kufakitale n'kunena kuti tisamavutike nako. Ine ndikuona kuti pa nyambo yolemera lamulo lachiwirili ndilo lanzeru, mwina n'kumangako pang'ono pokha munthu akamaphunzira. Koma wophunzitsa lakale uja sadasiye, ndipo satchula n'komwe kuti lamulo lake lili ndi malire. Kodi iyeyo adayesapo ndi nyambo yolemera? Kapena akungobwereza zimene adauzidwa nayenso?

Mabuleki odziwika ali mitundu iwiri. Oyamba ali m'kati, umachita kutsegula chivundikiro cha m'mbali kuti uwaone. Ndi timapulasitiki ting'onoting'ono, kawirikawiri tinayi kapena tisanu ndi kamodzi, timene gudumu likathamanga timakankhidwira kunja n'kumakhula mkombero wachitsulo. Kalikonse ungathe kukamasula kapena kukatsekera pakokha. Mphamvu yake imakula modabwitsa: liwiro likawirikiza kawiri, kukankhako kumawirikiza kanayi. Kotero amagwira zolimba poyambirira penipeni nyambo itangochoka, kenako amalekerera. Amatilangiza kuti tizimasula toyang'anizana kuti gudumu lisalemere mbali imodzi. Nanga amene reel yake ili ndi tinayi ndipo akufuna titatu, kachitatuko kayang'anizane ndi chiyani?

Achiwiri ndi a maginito, ndipo apa m'pamene mutu umaima. Gudumu ndi la aluminiyamu. Tengani maginito muwagunditse pa poto wa aluminiyamu, amagwa pansi, sagwira. Ndiye amagwira bwanji gudumu limene salikhudza n'komwe? Akuti aluminiyamu ikamadutsa mothamanga pafupi ndi maginito, m'kati mwake mumabadwa timagetsi tozungulira, ndipo timagetsito timapanga mphamvu yakeyake yokana kuyendako. Lamulo limeneli adalilemba Emil Lenz mu 1834, Snyder uja atapanga kale reel yake. Gudumu likaima buleki palibe, likathamanga buleki ilipo, ndipo palibe chokhulana ndi chinzake kuti chithe. Ukapotokola kanambala kakunja, pa ma reel ambiri umangosendeza maginito pafupi kapena patali. Izi n'zokongola ndithu, ndipo ndikadakonda mwana aliyense akadaonetsedwa kusukulu. Koma manambala ajawa, kwa ena 1 mpaka 10, kwa Daiwa mpaka 20, sakunena za kulemera kwa nyambo kapena mphamvu ya mphepo. Kodi 6 ndi wa chiyani? Adayeza ndani, ndipo adayezera nyambo iti?

Shimano idapita patsogolo n'kuikamo kakompyuta. Ma reel ake olembedwa DC alibe batire. Kuzungulira kwa gudumu komweko ndiko kumapanga magetsi, kakompyutako n'kumayeza liwiro ka 1,000 pa sekondi, n'kumagwira buleki pamene pakufunika. Poponya amalira kamluzu, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Koma funsani aliyense amene wakhalitsa pamadzi, adzakuuzani kuti nyambo ikatsala pang'ono kugwa, ika chala chamanthu pagudumu. Wa reel yotchipa, chala. Wa maginito, chala. Wa kompyuta, chalanso. Makina amangoona liwiro la gudumu, pamene diso la munthu ndilo likuona nyambo ikugunda madzi kapena nthambi. Ngati ndi choncho, ndi ndalama zowonjezerazo tikugula chiyani kwenikweni? Tikugula buleki, kapena tikugula masiku ophunzitsa chala amene sitikufuna kuwataya?

Pa zonse zimene ndamva, chimene chandigwira mtima ndi chimodzi, ndipo pabokosi palibe. Usamangofunsa kuti chingwe chapiringizana chifukwa chiyani, uzifunsa kuti chapiringizana liti. Chikafufuma nyambo itangochoka, ndiye kuti gudumu ladzidzimutsidwa: waponya mwankhanza, kapena timapulasitiki tam'kati wamasula tochepa. Chikafufuma nyambo ili pakati pa ulendo, ndi mphepo, kapena nyamboyo ikugubuduzika m'malere, ndipo pamenepo wonjeza maginito. Chikafufuma pothera, chala chachedwa. Yamba ndi mabuleki ambiri, uzichepetsa pang'onopang'ono, osasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, mpaka uone chingwe chayamba kutukuka pagudumu; ukaona zimenezo bwerera pamene udali. Gudumu usalidzaze mpaka m'mphepete, usiye mamilimita awiri kapena atatu. Mawu onsewa angakwane pakapepala kamodzi, ndipo angapulumutse chingwe cha munthu wosauka. Amatibisiranji?

Palinso china chimene chikudzitsutsa chokha. Amati nyambo yolemera ndiyo yosavuta kuphunzirira, chifukwa imakoka chingwe mosalekeza ndipo mphepo imavutika kuibweza. N'zoona kwa kachitsulo kolemera kosongoka. Koma nsomba yamtengo yotalika masentimita 25, yokhala ndi mfundo pakati, ndi yolemera komanso yotambalala. Imatembenuka m'malere, mphepo n'kuiwomba m'nthiti. Ndipo gudumu likamanga mwadzidzidzi, kanyambo kopepuka kamangogwera pafupi, pamene yolemera siimva kuimitsidwa: chingwe chimaduka, nyambo n'kupitirira yokha mpaka pakati pa damu. Zina mwa nyambozi zimagulidwa madola oposa 100. Ndiye tinene kuti yolemera imafuna mabuleki ochepa poti imakoka bwino? Kapena imafuna ambiri poti ikalakwika imapita osabwerera?

Chingwe nacho chili ndi milandu yake. Choluka, chimene amati braid, n'chopyapyala koma cholimba, ndipo sichitanuka. Kusatanukako ndiko kumachidula pa kugwedezeka kwadzidzidzi kuja, chifukwa mphamvuyo imasowa pothera. N'chifukwa chake oponya zolemera amatenga cha mapaundi 65 kapena 80, ngakhale bass imene akuifuna siifika n'komwe theka la pamenepo. Chopyapyala kwambiri chimadzilowerera chokha pagudumu ukakoka zolimba, ukati uponyenso n'kukakamira. Chimatereranso pachitsulo ngati sunayambe wayala nayiloni kapena tepi pansi pake. Ena amakana zonsezi n'kutenga chingwe cha fluorocarbon cha mapaundi 20 kapena 25, chimene chimamira ndipo sichioneka kwambiri m'madzi, kapena nayiloni wamba wotanuka, amene amakhululukira dzanja lolakwa. Ndiye nambala ya pachingwe timasankhira nsomba kapena nyambo? Ndipo ngati nthawi zina cha nambala yaing'ono chikupirira pamene cha nambala yaikulu chikuduka, kulimba kumene amayeza kufakitale ndi kulimba kwa mtundu wanji?

Kuseri kwa chogwirira kuli kanyenyezi kopotokola. Kameneka ndi ka nsomba, si ka kuponya ayi: kamalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mopitirira, kuti chisaduke. Langizo lofala n'lakuti ukamange pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwe. Chingwe cha mapaundi 20 ndi makilogalamu 9, ndiye kuti kanyenyezi kazilolera pa makilogalamu 2 kapena 3, ndipo ungathe kuyeza ndi sikelo yapamanja ija ya ngowe. Koma bokosi likunyadira makilogalamu 10 kapena 11. Otsalawo ndi a yani? Osaka muskie ambiri amamanga mpaka kumapeto kuti mbedza zikuluzikulu zilowe m'kamwa mwa mafupa. Ena oponyera bass nyambo za mbedza za mano atatu amati masulako, ukamanga mbedza zimang'amba mlomo nsomba n'kupita. Kunyanja ya Kariba, kumene mpikisano wowedza nsomba yotchedwa tigerfish udayamba mu 1962, nsomba yake m'kamwa ndi molimba, komanso imathamanga ndi kudumpha, ndiye ikufuna kumanga ndi kumasula nthawi imodzi. Pamenepo kanyenyezi kakhale pati?

Pa kaponyedwe akatswiri amagwirizana. Yolemera siiponyedwa mokwapula. Umaizunguza mofatsa ndi manja awiri, ndodo n'kupinda yokha n'kuitumiza. Ukakwapula, chogwirira cholemera chikhoza kuzungulira chokha n'kulowetsa giya nyambo ili m'malere, mano n'kubenthuka. Koma taonani zimene amachita ambiri a dzanja lamanja. Aponya ndi lamanja, asamutsira ndodo kumanzere, kenako apukusa ndi lamanja, ndipo amatero tsiku lonse. Reel za chogwirira chakumanzere zilipo, Shimano imazilemba 201, 301, 401, ABU 5501 ndi 6501. Nsomba ikagwira nyambo itangogwa, ndodo ili pakati pa manja awiri, amaikoka ndi dzanja liti? Ndipo bwanji imene imakusinthitsa manja ndiyo amati ndi ya anthu a dzanja lamanja?

Abale athu ambiri ali ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Harare, kumene zipangizozi zili m'masitolo ndipo ma bass ali m'madamu apafupi. Wina tsiku lina adzafuna kugula, mwina n'kubwera nayo kuno kumudzi. Inu amene mudzaime pakauntala imeneyo, musachite manyazi ndi mafunso ooneka achibwana. Pitani ndi nyambo imene mukufuna kuponya, kapena mudziwe kulemera kwake m'magalamu. Funsani kuti chingwe chonenepa chimene nyamboyo ikufuna chilowa mamita angati, ndiponso kuti kupukusa kamodzi kumabweza masentimita angati. Auzeni atsegule chivundikiro cha m'mbali muone mabuleki ndi maso anu, ndipo mufunse kumene mungapeze giya lina mano akadzatha. Wogulitsa akayamba kukamba zina, mubwezereni ku nyamboyo, ndipo asanakuyankheni musatulutse ndalama.